Napolo akatsika m'phiri la Mulanje, wothandiza ayenera kudziwa chiyani?

Mu Marichi 2023 mvula ya namondwe wa Freddy inagwa usana ndi usiku osakata, mpaka phiri la Mulanje linayamba kutsitsa miyala, mitengo ndi matope. Kummawa kwa phirili, ku Muloza kwa Mfumu Yaikulu Njema ndi ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, nyumba zinakwiririka, milatho inakokoloka, misewu inaduka, magetsi ndi netiweki ya foni zinasowa. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza pa 13 Marichi kuti maboma a chigawo chakummwera ali pangozi. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osaonekanso, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Asilikali, apolisi, a Red Cross ndi mabungwe ena ananyamuka mwachangu, koma madera ena sanafikike kwa masiku angapo mpaka kutabwera mahelikopita. M'masiku amenewo, amene anakumba m'matope, kunyamula ovulala ndi kuika maliro anali eni mudzi okha, ndi makasu awo.

Misewu itatseguka, Amalawi anaonetsa mtima wawo. Mipingo, mizikiti, makampani, ana asukulu, ngakhale abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku London, anasonkha ufa, zovala, mabulangete ndi ndalama. Palibe angaderere zimenezo. Koma pali funso lomwe sitilifunsa mokwanira: munthu amene waima pakati pa thumba la ufa ndi mayi amene nyumba yake yapita ndi madzi ayenera kudziwa chiyani? Ambiri timayesa kuti chifundo ndi mphamvu zonyamulira matumba n'zokwanira. Ine ndikuti ayi. Kuthandiza anthu pa ngozi ndi ntchito yophunzira, ndipo munthu wachifundo koma wosadziwa angathe kuwonjezera maliro pamene iye amafuna kuwachepetsa. Luso lotere silipindulanso kanthu likakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre pamene mlatho waduka. Liyenera kukhala lili kale m'mudzi mvula isanayambe.

Zimenezi si zachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa m'dziko muno anthu othawa kwawo omwe anachuluka mpaka kupitirira 1 miliyoni, ndipo ena anaolokera pa Muloza kuchokera ku Milange n'kukhala m'boma la Mulanje mpaka mtendere utasainidwa mu 1992. Mu Marichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, komwe nthawiyo kunali mbali ya boma la Mulanje. Ngozi imeneyo ndiyo inabala lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi chaka chomwecho, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza lina lolowa m'malo mwake mu Epulo 2023. Pakati pake panadutsa madzi osefukira a mu Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje. Malo ambiri achonde ali m'minda ya tiyi, choncho anthu athithikana m'tsinde mwa phiri ndi m'mbali mwa Ruo, Muloza, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila. Napolo adzabweranso, ndipo adzawapeza pomwepo.

Ntchito yeniyeni imayamba ngozi isanagwe. A nthambi yoona zanyengo anachenjeza za Freddy kudakali masiku, ndipo uthengawo unamveka pa wailesi. Koma kumva kuti kugwa mvula ya mamilimita akutiakuti sikusamutsa munthu. Pamafunika wina m'mudzi woti asandutse uthengawo kukhala mawu omveka: a tsidya lino tonse tikagone kusukulu lero dzuwa lisanalowe, agogo aja awanyamule ndi uje ndi uje, mbuzi tikazimange pakuti. Munthuyo azidziwa zizindikiro za phiri: mtsinje kuda ndi matope mwadzidzidzi, kapena kuphwera pamene mvula ikugwabe, ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo kupendekeka, mkokomo wochokera kumtunda. Akuluakulu amene anaona za 1991 amazidziwa bwino zimenezi, ndipo ndi oyenera kufunsidwa. Chovuta kwambiri n'kukopa anthu kuti achoke. Bambo amene akukana kusamuka si wopusa. Akuopa kuti akuba atsala akukokolola chimanga ndi nkhuku zake, ndipo mwina anasamukapo kale pachabe. Womukopa akhale munthu amene iye amamukhulupirira, wokhalanso ndi yankho pa nkhani ya akubayo. Iyi ndi ntchito ya makomiti a m'midzi oona za ngozi, omwe amalumikizana ndi a kwa mfumu yaikulu ndi a kukhonsolo. Komiti yokhala ndi wenzulo, chimkuzamawu, tochi ndi mayina a okalamba, aulumali ndi amayi oyembekezera a m'mudzimo ingathe kupulumutsa anthu amene helikopita yobwera mkucha sidzawapeza amoyo. Paja akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Zikagwa, pamafunika manja odziwa chithandizo choyamba. Bala lotuluka magazi amalikanikiza ndi nsalu yoyera, salithira dothi kapena phulusa. Munthu amene khoma lamugwera ndipo akudandaula msana kapena khosi samunyamula mwachisawawa. Amamugoneka pachitseko kapena pathabwa, thupi lili chiwongokere. Ovulala akachuluka, wothandiza asankhe woyamba naye, ndipo kawirikawiri si amene akukuwa kwambiri ayi, koma amene wangoti zii, akupuma movutikira. Pokumba m'matope, khasu limalekezera pomwe pakuoneka kuti munthu ali pafupi, manja n'kupitiriza, ndipo nthawi ndi nthawi onse amakhala chete kuti amve ngati pali woitana. Wopulumutsa anzake azidziwanso kudziteteza, pakuti pomwe pagumuka kamodzi pamatha kugumukanso, ndipo madzi othamanga olekeza m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu. Ku Mulanje tili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu m'phiri, ku Likhubula ndi kwina, amadziwa njira mpaka ku Sapitwa, ndipo miyendo yawo inazolowera malo otsetsereka. Amenewa, kwa ine, ndiwo oyenera kukhala oyamba kuphunzitsidwa ndi kupatsidwa zingwe, zipewa zolimba ndi machira.

Pali luso lina lomwe anthu sakonda kulitchula, la kusamalira omwalira. Mantha oti mitembo ibweretsa mliri amachititsa kuti anthu aikidwe mofulumira asanazindikirike. A WHO ndi a Red Cross akhala akunena kuti thupi la munthu wofa ndi madzi kapena matope silibweretsa mliri. Wofa ndi kolera ndiye amafunadi kusamala kwapadera. Choyenera n'kulijambula thupilo, kulemba pomwe lapezeka, zovala ndi zizindikiro zake, kulipatsa nambala, ndi kuika nambala yomweyo pamanda. Muloza ndi Ruo ndi malire athu ndi Mozambique, ndipo Ruo amakathira mu Shire ku Chiromo. Madzi amenewa amatengera anthu kutali ndi kwawo. Banja lomwe silidziwa komwe mwana wawo anagona silimaliza kulira. Adzukulu a m'midzi mwathu ali kale ndi ulemu ndi kulimba mtima kofunika pa ntchitoyi. Chomwe akusowa ndi magolovesi, kope, ndi wowaonetsa kalembedwe kake.

Komabe mutandifunsa chomwe chimalekanitsa thandizo labwino ndi loipa, ndinena kuti ndi kalembera. Thandizo silikwanira onse, ndipo silinakwanirepo. Wina ayenera kulemba kuti ayambe ndani, ndipo amene wagwira cholemberacho wagwira miyoyo ya anzake.

Wolemba ayambe wadziwa kaye mmene mabanja a kuno amakhalira. Kuno n'kwa chikamwini: Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao ambiri amatsata kuchikazi, ndipo malo ndi nyumba zimakhala kwa mayi. Wobwera amene angofunsa kuti mutu wa banja ndani adzalemba dzina la bambo, yemwe mwina ali ndi khomo lina kutsidya, mwina ali ku Joni, mwinanso banja likasokonekera adzanyamuka ndi khadi lolandirira thandizo m'thumba. Pamitala, mayi aliyense ndi ana ake ndi khomo palokha. Pali ana amasiye olera anzawo, omwe pamsonkhano sayankhula. Pali amene sanapite kumsasa chifukwa abale anawasunga. Mukamalemba a kumsasa okha, mawa lake onsewo adzachoka kwa abale n'kudzathithikana m'makalasi. Pali amene ziphaso zawo za unzika zinapita ndi madzi, ndiponso a tsidya lina la malire omwe madzi omwewo anawathamangitsira kuno. Wolemba wosaganiza amati wopanda chiphaso salembedwa, n'kusiya kunja amene anataya zonse.

Ndiye pali zokakamiza. "Mundilembereko mlamu wanga." "Nanga ine mwini mudzi ndidya chiyani?" Wandale naye amafuna kuti ufa ugawidwe iye ataima pafupi, anthu atavala nsalu za chipani. Nthawi zina mfumu, pofuna mtendere, imalamula kuti zomwe zabwera agawane mudzi wonse ndi mbale, aliyense alaweko. Mtima umenewo ndimaumvetsa, chifukwa mfumuyo idzatsala ndi anthu ake alendo atapita. Koma mapeto ake mayi amene anataya nyumba ndi munda amalandira mofanana ndi amene denga lake linangodontha, ndipo thumba lomwe likanamusunga mwezi limatha sabata isanakwane. Wothandiza waluso sakangana ndi mfumu pagulu, komanso sagonja. Amakhala nayo pansi kudakali nthawi, amagwirizana za oyenera kulandira, amalengeza zifukwazo pabwalo asanalembe dzina ngakhale limodzi, kenako mayina amawerengedwa mokweza onse akumva, kuti wodandaula adandaule. Amayenda khomo ndi khomo kukatsimikiza, ndipo amasiya njira yoti munthu akadandaule mwachinsinsi osadzera kwa amene akumudandaulayo. Mfundo yoti thandizo lizitsata kukula kwa vuto, osati mtundu, mpingo kapena chipani, a Red Cross anaiika pakati pa mfundo zawo zikuluzikulu mu 1965. Kuigwiritsa ntchito pamaso pa amalume ako enieni ndiye pamafunika kulimba mtima. Masiku ano kalembera amachitikira pafoni, ndipo mayina angathe kufananizidwa ndi a Mtukula Pakhomo ndi kaundula wina wa boma. N'zabwino, koma foni imasunga bodza mofanana ndi choona, ndipo wolemba ayenera kudziwa kusunga chinsinsi, makamaka pomwe munthu waulula za matenda ake.

Anthu akasonkhana pasukulu kapena patchalitchi, imfa imasintha njira. Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Woyang'anira msasa ayenera kudziwa masamu. Pali miyezo yomwe mabungwe othandiza anthu padziko lonse amatsata, yotchedwa Sphere, yomwe inayamba kukonzedwa mu 1997 anthu masauzande ambiri othawa ku Rwanda atafa ndi kolera ndi kamwazi ku Goma mu 1994. Miyezoyi imati munthu aliyense apeze malita osachepera 15 a madzi patsiku, potunga pasatalikire kupitirira mamita 500, chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20 ngakhale kuti m'masiku oyambirira amalola 50, ndipo chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30. Ndiye kuti msasa wa anthu 1,000 ukufuna malita 15,000 tsiku lililonse ndi zimbudzi 50. Sukulu ya pulayimale ya kumudzi ilibe zimenezo, ndipo amene sadziwa kuwerengera amazindikira vutoli ana atayamba kale kutsegula m'mimba. Ngakhale kuthira kolorini m'madzi kuli ndi luso lake: akachepa sapha tizilombo, akachuluka anthu amakana fungo n'kubwerera kumtsinje, ndipo madzi amatope amayenera kudikha kaye. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amazidziwa zimenezi, amadziwanso kusungunula Thanzi ndi kupatula wodwala msanga. Msasa womwe mlangizi akumvedwa umasiyana kwambiri ndi womwe akungomuona ngati wodzalemba malipoti.

Pa chakudya tili ndi phunziro lathulathu. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique m'chigawo chakummwera anadwala pelagra, matenda osupula khungu, otsegula m'mimba ndi osokoneza mutu, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira n'kumadalira kwambiri chimanga. Mimba zinkakhuta koma matupi ankafooka. Wogawa chakudya azidziwa kuti ufa wokha si chakudya; pafunika nyemba kapena nandolo, mafuta, mchere, ndi Likuni Phala wa ana ndi amayi oyembekezera. Azidziwa kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba kaja ka mitundu itatu: ukachepera masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi ndipo afunika chiponde ndi chipatala msanga. Azikana mwaulemu mkaka wa m'zitini woperekedwa mwachisawawa, chifukwa pomwe madzi ndi okayikitsa botolo limapha khanda lomwe bere likanalisunga. Ndipo tsiku loyamba lomwe afunse, mosaonetsera, za amene mankhwala awo apita ndi madzi. Mulanje ndi limodzi mwa maboma omwe kachilombo ka HIV kanafala kwambiri. Pali omwa ma ARV, a chifuwa chachikulu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu. Munthu saimirira m'kalasi modzaza anthu n'kunena kuti mankhwala anga atha. Pafunika wodziwa kumufikira pambali n'kumulumikiza ndi chipatala cha boma, cha Mulanje Mission kapena chipatala choyendayenda.

Za kayendetsedwe ka katundu sizimveka pa wailesi, koma zimasunga kapena kutaya zonse. Kalaliki wa kunkhokwe amene amawerenga thumba lililonse lolowa ndi lotuluka, amene amasanja matumba pamathabwa kuti asanyowe n'kuyamba kutulutsa akale, ndi dalaivala wodziwa njira ina mlatho ukaduka, ndi anthu ofunika kuwasankha mosamala. Helikopita imanyamula zochepa, ndiye wina asankhe choyamba kukwera, ndipo kawirikawiri chikhale mankhwala ndi kolorini, osati kaunjika. Pomwe msika watseguka, ndalama zotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba zimathandiza kuposa matumba. Pomwe msewu waduka, ndalama zimangokweza mitengo. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna munthu woyenda pamsika n'kufunsa. Ndipo aliyense wobwera ndi thandizo adzere kukhonsolo, komwe nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA imagwirizanitsa mabungwe. Akapanda kutero, misasa ya m'mbali mwa tala imalandira katatu pamene ya kuseri kwa phiri sinaone kanthu.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya amene amagulitsa thandizo ndi thupi la mzimayi kapena mtsikana. Zinaululika poyera m'misasa ya kumadzulo kwa Africa mu 2002, ndipo chaka chotsatira United Nations inakhazikitsa lamulo loletsa antchito ake mchitidwewu. Tisadzinamize kuti kwathu kuno sizingachitike. Paliponse pomwe wina ali ndi kope la mayina ndipo mnzake ali ndi njala, khomo la nkhanza ndi lotseguka. Wothandiza aphunzire kulitseka: azilengeza mobwerezabwereza kuti thandizo ndi laulere, amayi akhalepo pa kalembera ndi pogawa, kugawa kuzichitika masana, zimbudzi ndi mabafa a amayi zikhale padera, zotsekeka ndi zowala usiku. Adziwe kokatula nkhani, kwa apolisi othandiza ochitiridwa nkhanza, kwa a zachisamaliro cha anthu kapena pa nambala yaulere ya 116, osakaiulula pagulu kapena kukaithera kwa ankhoswe. Mwana wosochera samupereka kwa aliyense wonena kuti ndine azakhali ake asanatsimikize. Anthu achialubino amafuna chitetezo chapadera, ndipo woyenda panjinga ya aulumali amafuna chimbudzi chomwe angathe kulowamo.

Kumvetsera nakonso n'kophunzira. Mayi amene ana ake anatengedwa iye akuona safuna kumuuza kuti limbani mtima, ena zawaonekera zoposa izi. Safunanso kufotokozera mlendo aliyense wobwera ndi kamera momwe zinachitikira. Amafuna wokhala naye pansi, womufunsa chomwe akusowa lero, womuthandiza kufufuza abale, ndi wozindikira pomwe chisoni chafika poti afunika achipatala. Abusa, mashehe, amayi a Mvano ndi a mabungwe ena a m'mipingo amaigwira kale ntchitoyi, ndipo ndi maphunziro ochepa angaigwire bwino koposa. Tisaiwale kuti wongodzipereka wa ku Muloza amene akukumba matope mwina akufunafuna m'bale wake yemwe. Womuyang'anira adziwe kumupumitsa, kumudyetsa ndi kumumvera nayenso.

Kodi zonsezi amaphunzira kuti? Yunivesite ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, pafupi pomwepa, imaphunzitsa digiri ya kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi. African Drone and Data Academy, yomwe inatsegulidwa mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, imaphunzitsa achinyamata kuulutsa tindege tojambula malo omwe munthu sangafikeko. Malawi Red Cross Society yakhala ikuphunzitsa chithandizo choyamba kwa zaka zambiri. Ophunzira oterewa timawafuna, ndipo ndikufuna ambiri mwa iwo akhale ana a kuno. Koma vuto lathu lalikulu lili pansi. Maphunziro ambiri amachitikira m'mahotela, opitako n'kukhala omwewomwewo, pamene mayi wa m'komiti ya m'mudzi amaitanidwa kamodzi pulojekiti ikamayamba, osadzaonedwanso. Komiti imasankhidwa, ena amasamuka, mabatire a chimkuzamawu amatha, ndipo pofika chaka chachitatu latsala ndi dzina lokha. Luso lomwe siliyesedwa limaiwalika. Thandizo lochokera kunja nalo likuchepa, makamaka chichokereni 2025 pamene dziko la America linadula ndalama zambiri zomwe linkapereka, choncho sitingadalire kuti akatswiri adzatsika m'ndege nthawi zonse.

Pempho langa likupita kwa a khonsolo ya Mulanje, mafumu, aphungu, makampani a tiyi ndi mipingo. Chaka chilichonse, mvula isanayambe mu Novembala, mudzi uliwonse wa m'tsinde mwa phiri ndi wa m'mbali mwa mitsinje uziyeserera kusamuka, tsiku lenileni, ndi anthu enieni, mpaka kukafika pamalo othawirapo. M'mudzi uliwonse mukhale anthu angapo, amayi ndi abambo, odziwa chithandizo choyamba, kalembera ndi kasamalidwe ka madzi, mayina awo ndi manambala awo zili kukhonsolo. Ndalama zake zilowe mu bajeti ya khonsolo, zisadikire pulojekiti, ndipo ongodziperekawa akagwira ntchito masabata athunthu azilandira kangachepe, pakuti nawonso ali ndi ana. Inu owerenga amene mumakhala m'madera amenewa, pitani kwa a gulupu mwezi uno mukafunse kuti komiti ya za ngozi ya m'mudzi mwanu muli ndani, ndipo inakumana liti komaliza.